Dokotala wa diso limodzi amene anaona zimene a maso awiri anaphonya

Awerengi, sabata ino ndati ndikusimbireni za munthu amene anatisiya kalekale, mzungu wa ku Ireland, dzina lake Denis Burkitt. Ndikudziwa kuti ena mufunsa kuti kodi mzungu wakufa atipindulira chiyani pamene mitengo ya zinthu ikutikhalitsa m'maso usiku. Funsolo ndi labwino ndithu, koma ndiloleni ndiyambe ndafotokoza chimene chandichititsa, kenaka mundiweruze.

Ndili mwana ndinkakonda kukachitira holide kwa amalume kunyanja. Iwo anali ndi kamnyamata kocheperapo kwa ine, msuweni wanga, amene ndinkapita naye kokawedza. Chaka china tsaya lake linayamba kutupa. Poyamba tonse tinkati ndi dzino. Milungu iwiri isanathe mano anayamba kugwedera, diso nalo n'kuyamba kutong'oka. Akuluakulu anagamula kuti mwana walodzedwa, ndipo anayenda naye kwa asing'anga atatu, mbuzi ziwiri n'kupitira momwemo. Mmene ankafika naye kuchipatala chachikulu n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Tinamuika m'manda asanakwanitse zaka 8. Pakhadi lake lakuchipatala panalembedwa liwu limene pamudzi ponse panalibe wolidziwa, lakuti Burkitt. Ine ndinkayesa dzina la mankhwala.

Ndiye mwezi wathawu mlongo wanga, amene amagwira ntchito yosamalira odwala ku England, anandiimbira foni. Pocheza anandiuza za mayi wina amene amamusambitsa ndi kumudyetsa, wa zaka za m'ma 40 basi, kale mphunzitsi, lero ali panjinga ya olumala, manja akunjenjemera, maso akuona zinthu ziwiriziwiri. Matenda ake akuti ndi multiple sclerosis, mwachidule MS. Mlongo wangayo anawonjezera kuti madokotala kumeneko akuloza chala kachirombo kena kamene kanapezeka koyamba mwa ana a kuno ku Africa. Nditayamba kufufuza, ndinakumana ndi dzina lomwe lija la pakhadi la msuweni wanga. Kamnyamata ka kunyanja ndi mphunzitsi wa ku England anali pachibale osadziwana, ndipo amene anaulula chibalecho ndi munthu amene ndikufuna kukusimbiraniyu.

Denis Parsons Burkitt anabadwa pa 28 Febuluwale 1911 m'tauni ya Enniskillen, kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Bambo ake, a James Burkitt, anali injiniya woyang'anira misewu ndi milatho ya m'boma lakwawo, koma akaweruka mtima wawo unali pa mbalame. Ankagwira timbalame tina ta pachifuwa pofiira n'kutiveka timphete kumiyendo kuti azitha kusiyanitsa kena ndi kanzake, kenaka n'kumalemba pamapu pamene kambalame kalikonse kamalekezera dera lake. Kwathu kuno tikanati bamboyu wasowa chochita. Koma sungani nkhani ya mapuyi, muiona kutsogoloku, paja mwana amaonera kwa kholo.

Denis ali ndi zaka 11, anyamata ena ankagendana ndipo mwala unaphwanya magalasi amene anavala. Diso lakumanja linawonongeka mpaka madokotala analichotsa, ndipo moyo wake wonse anakhala ndi diso lagalasi. Mu 1929 analowa sukulu yaukachenjede ya Trinity College mumzinda wa Dublin kuti atsate ntchito ya bambo ake, koma uinjiniya sunamuyanje. Patapita chaka anasintha n'kuyamba udokotala, ndipo pokhala munthu wopemphera kwambiri, anakutenga kusinthako ngati maitanidwe. Ine amene ndinasiyira yunivesite panjira ndimamumvetsa mnyamata ameneyu. Kusiyana kwathu n'kwakuti iye atakanika khomo lina anagogoda lina, pamene ine ndinangolunjika kugeti. Anamaliza udokotala mu 1935, ndipo mu 1938 anakhoza mayeso a madokotala ochita opaleshoni ku Edinburgh.

A Burkitt ankafunitsitsa kudzagwira ntchito ku Africa, koma atafunsira ntchito ku boma la atsamunda anakanidwa. Akuluakulu a ku London sanaone phindu la dokotala wa opaleshoni wa diso limodzi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndiyo inawatsegulira njira. Analowa usilikali ngati dokotala mu 1941, anakwatira namwino Olive Rogers mu 1943, amene anabereka naye ana aakazi atatu, ndipo usilikaliwo unawafikitsa ku Kenya ndi ku Somaliland. Nkhondo itatha, anthu aja anaona kuti munthu amene wachita maopaleshoni kunkhondo sangalephere kuchipatala cha boma, choncho mu 1946 anawatumiza ku Uganda.

Anayambira ku Lira, kumpoto kwa dzikolo. Kumeneko anaona kuti amuna odwala phudzi ankachuluka kwambiri kuchokera kum'mawa kwa bomalo kusiyana ndi kumadzulo. Dokotala wina akanangong'amba, kusoka, n'kuitana wotsatira. Iwo ankayamba afunsa wodwala aliyense kumene akuchokera n'kulemba. Khalidwe la bambo awo lija linali litayamba kuonekera. Pasanapite nthawi anawasamutsira ku chipatala chachikulu cha Mulago mumzinda wa Kampala.

M'chaka cha 1957 dokotala mnzawo, a Hugh Trowell, anawaitana kuti adzaone mnyamata wa zaka 5 amene nsagwada zake zinatupa mbali zonse, kumwamba ndi kumunsi komwe. A Burkitt anamujambula chithunzi koma analibe chomuchitira. Patangopita milungu yochepa, ali pachipatala cha ku Jinja, anaona mwana wina wotupa chimodzimodzi, ndipo pomuyeza anapeza kuti m'mimba namonso muli zotupa. Apa m'pamene mutu unayamba kuwazungulira. Anabwerera ku Kampala n'kukafukula mafaelo akale a chipatala, ndipo anapeza kuti ana oterewa akhala akubwera zaka zambiri. Vuto linali lakuti chotupa chikakhala m'diso ankachipatsa dzina lina, chikakhala mu impso dzina lina, chikakhala m'nsagwada linanso. A Burkitt anazindikira kuti onsewa ndi matenda amodzi.

Kunena chilungamo, sanali iwo oyamba kuona zotupazi. Dokotala wa mishoni, a Albert Cook a ku Mengo, anali atazilemba m'mabuku awo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo amayi a m'midzi anali ataikira ana awo m'manda kuyambira makedzana. Chimene a Burkitt anachita ndicho kusonkhanitsa ndi kuwerenga. Mu 1958 anasindikiza zimene anapeza pa ana 38 m'magazini ya madokotala a opaleshoni a ku Britain, koma anthu sanalabadire kwenikweni. Kenaka mnzawo woyeza za m'thupi, a Gregory O'Conor, anatsimikiza kuti imeneyi ndi khansa ya maselo oteteza thupi, mtundu umene madokotala amati lymphoma. N'chifukwa chake lero matendawa amatchedwa Burkitt lymphoma.

Tsono apa m'pamene mapu aja akubwerera. Ndi tindalama tochepa kwambiri, a Burkitt anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana otupawo n'kutitumiza kuzipatala za boma ndi za mishoni mu Africa monse, kufunsa ngati anaonako zoterezi. Mayankho akamabwera ankabaya mapini pamapu. Mapiniwo anapanga lamba wodutsa pakati pa Africa, ndi mchira wotsikira kum'mwera chakum'mawa kuno. Koma makalata sanawakwanire, anafuna kukaona okha pamene matendawa akulekezera.

Mu Okutobala 1961 ananyamuka ndi madokotala anzawo awiri, a Ted Williams ndi a Cliff Nelson, pagalimoto yakale ya Ford. Anayenda milungu 10, mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, ndi kuyendera zipatala zopitirira 50. Ulendowo unadutsa ku Tanganyika, ku Northern Rhodesia, kuno ku Nyasaland, ku Mozambique, mpaka ku South Africa. Inde abale anzanga, galimoto imeneyi inaponda fumbi la dziko lino, ndipo zimene madokotala ndi anamwino a m'zipatala zathu anawauza zinalowa pamapu aja. Kuno anapeza kuti chotupachi chinkachuluka m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje ikuluikulu, koma kumapiri chinkasowa.

Atabwerera anaona kuti ku Uganda matendawa amalekezera pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,500, kuno kwathu pafupifupi 900, ndipo kum'mwera kwenikweni amangopezeka kufupi ndi nyanja yamchere. Katswiri wa tizirombo wa ku Entebbe, a Alexander Haddow, anathandiza kumasulira zimenezi. Nkhani sinali ya phiri ayi, inali ya kutentha ndi mvula. Kumene kumazizira kufika pansi pa madigiri 15, ndi kumene mvula imachepera mamilimita 500 pachaka, chotupachi chinkasowa. Nanga n'chiyani chimene chimakonda kotentha ndi konyowa? Aliyense amene anagonako ku Nkhotakota kapena ku Nsanje popanda neti akudziwa yankho. Poyamba ankaganiza kuti udzudzu umanyamula kachirombo koyambitsa khansayo. Pambuyo pake zinaoneka kuti mnzake wa chotupachi ndi malungo enieniwa, chifukwa m'malo otentha monga Zanzibar ndi Leopoldville, kumene anali atalimbana ndi udzudzu, matendawa ankasowa.

Koma kachirombo kanalipo ndithu, ndipo kanapezeka motere. Pa 22 Malichi 1961 a Burkitt ali patchuthi ku London anakamba za matendawa pachipatala cha Middlesex. M'gulu la omvera munali wasayansi wachinyamata, Anthony Epstein, amene ankafufuza tizirombo toyambitsa khansa mwa nkhuku. Atamva za khansa yotsata nyengo, anapempha kuti azimutumizira tizidutswa ta zotupazo pandege kuchokera ku Kampala. Kwa zaka pafupifupi zitatu anayesa njira zonse osapeza kanthu. Mu Disembala 1963 ndege ina inalephera kutera ku London chifukwa cha nkhungu n'kukatera ku Manchester. Kabotolo kanafika mochedwa, madzi ake atachita mbuu, moti wina akanangotaya poganiza kuti zawola. A Epstein anayang'ana pamaikulosikopu napeza kuti mbuuyo anali maselo amoyo a chotupa amene anayoyoka ndi kugwedezeka kwa paulendo. Pamodzi ndi Yvonne Barr anakwanitsa kuwamereza m'labotale, ndipo mothandizana ndi Bert Achong wa ku Trinidad anaona kachiromboko pamakina amphamvu kwambiri. Anaulutsa nkhaniyi mu Malichi 1964, miyezi yochepa ife tisanalandire ufulu wodzilamulira. Kachiromboka kanatchedwa Epstein-Barr, ndipo kanali koyamba kupezeka kuti kamayambitsa khansa mwa munthu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

A Burkitt sanalekere pa mapu. Chotupachi chimakula mofulumira kuposa khansa zambiri, maselo ake amatha kuwirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mpeni sungachithe. Ku Uganda kunalibe makina owotchera khansa, choncho anapempha mankhwala kwa opanga ndi kwa madokotala a ku America. Zotsatira zake zinadabwitsa dziko. Ndi mankhwala monga methotrexate ndi cyclophosphamide, zotupa zina zinkasungunuka pa masiku ochepa, ndipo ana ena anachiriratu. Mu 1972 analandira mphoto yotchuka ya Lasker pamodzi ndi madokotala ena, mmodzi mwa iwo a Victor Ngu a ku Cameroon amene ankachiza ana oterewa ku Ibadan. Ku Kampala ntchitoyi inapitirira m'manja mwa madokotala a dziko lomwelo monga a Sebastian Kyalwazi ndi a Charles Olweny, amene anasunga chipatala cha khansa chili chotsegula ngakhale m'masiku oopsa a Idi Amin. Maina amenewa tiziwatchulanso, mutu umodzi susenza denga.

Mu 1966 a Burkitt anabwerera ku England, ndipo kumeneko anayamba nkhondo ina imene ingakuseketseni. Anaona kuti matenda monga khansa ya m'matumbo ndi kudzimbidwa, amene anali ponseponse ku Ulaya, ankasowa mwa anthu akumudzi amene anawachita opaleshoni zaka 20 ku Africa. Anayamba kuyeza kulemera kwa chimbudzi cha anthu a mitundu yosiyanasiyana, ndipo anafika pa mfundo yakuti azungu akudzipha pochotsa gaga m'zakudya zawo. Analemba buku la nkhaniyi mu 1979 ndipo anayenda maiko ambiri akulalikira za gaga. Sikuti zonse zimene ananena zinatsimikizika, pena ankakokomeza monga achitira mlaliki aliyense, koma mfundo yakuti zakudya zosakonola zimateteza matumbo ilipobe mpaka lero. Inu amene mumanyoza mgaiwa kuti ndi chakudya cha akaidi ndi ana a sukulu zogonera konko, mwamva. A Burkitt anamwalira pa 23 Malichi 1993 ku England ali ndi zaka 82.

Tsopano ndibwerere kwa mphunzitsi uja wa mlongo wanga, chifukwa mbali imeneyi a Burkitt anapita osaiona. Kachirombo ka Epstein-Barr katapezeka, asayansi anadabwa kuona kuti sikali mwa ana odwala okha. Anthu akuluakulu opitirira 90 mwa 100 aliwonse padziko lapansi ali nako. Inu amene mukuwerenga, mwina muli nako, inenso chimodzimodzi. Kamayenda m'malovu, pomwerana chikho, popsompsonana, kapena mayi akamatafunira mwana chakudya. Kuno kwathu ana ambiri amakatenga ali aang'ono kwambiri osadwala n'komwe. Kumaiko olemera ambiri amakatenga atafika paunyamata, ndipo pamsinkhu umenewo kamatha kuwagwetsa ndi zilonda zapakhosi, mwanabere ndi kufooka kwa milungu ingapo. Zimenezi anazitulukira ndi a Werner ndi Gertrude Henle ku Philadelphia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, wantchito wa m'labotale yawo atadwala.

Nonse mukudziwa za asilikali a m'thupi, Edzi inatiphunzitsa mokakamiza. Asilikaliwa ali m'magulu. Pali gulu la T, mmene muli ma CD4 aja timakawerengetsa kuchipatala, ndipo pali gulu la B, limene ntchito yake n'kusula zida zotchedwa ma antibody. Chida chilichonse chimasulidwa molingana ndi nkhope ya mdani mmodzi. Tsono kachirombo ka Epstein-Barr kamalowa mwa asilikali a gulu la B enieniwo, n'kuwachititsa kuti aswane, kenaka n'kugona tulo m'kati mwawo moyo wonse wa munthuyo. Thupi silingakatulutse. Chimene limachita n'kuika asilikali ambiri a gulu la T kuti azikalondera usana ndi usiku mpaka imfa. Ndiye kuti munthu akangokatenga, gulu lake lankhondo limasinthiratu, ena asanduka nyumba ya mdani, ena asanduka alonda a mdaniyo.

Kwa ambiri a ife mtendere umenewu umagwira mpaka ukalamba. Kwa msuweni wanga unasweka chifukwa cha malungo. Mwana akamadwala malungo kawirikawiri, asilikali a B amakhalira kuswana mopupuluma pamene alonda aja afooka. M'chipwirikiti chimenechi selo imodzi imalakwitsa pokopera malangizo ake, kachidutswa ka chromosome 8 n'kuduka kukamatirira pena, kawirikawiri pa chromosome 14. Zikatero selo ija imaiwala kuleka kuswana, ndipo tsaya la mwana limayamba kutupa.

Kwa mphunzitsi wa ku England mtenderewo unasweka mwa njira ina. Mitsempha ya muubongo ndi ya mumsana imakhala yokutidwa ndi chikopa chamafuta chotchedwa myelin, monga waya wa magetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Mu matenda a MS asilikali a thupi amatembenukira chikopa chimenechi n'kumachikukuta. Mukudziwa zimene zimachitika makoswe akatafuna waya m'denga, getsi limayamba kuphethira kenaka n'kuzimiratu. N'chimodzimodzi munthu, lero mwendo wachita dzanzi, mawa diso lachita chidima, mkuja mkodzo sukugwirika. Dokotala wa ku Paris, a Jean-Martin Charcot, anawafotokoza bwino matendawa mu 1868, ndipo wophunzira wawo Pierre Marie anaganiza kale mu 1884 kuti gwero lake lingakhale matenda opatsirana. Mu 2020 anthu pafupifupi 2.8 miliyoni padziko anali ndi MS. Imakonda kuyamba pakati pa zaka 20 ndi 40, imagwira akazi kawiri kapena katatu kuposa amuna, ndipo imachuluka kumaiko ozizira, kutali ndi lamba uja wa a Burkitt.

Umboni wamphamvu unabwera mu Januwale 2022. Gulu la a Alberto Ascherio la ku yunivesite ya Harvard linafufuza magazi amene gulu lankhondo la America linasunga kwa zaka 20 kuchokera kwa asilikali ake opitirira 10 miliyoni. Mwa asilikali 801 amene anadwala MS ndipo magazi awo anayezedwa, mmodzi yekha ndiye anadwala alibe kachiromboka. Amene analowa usilikali alibe kachiromboka n'kukatenga pambuyo pake, mpata wawo wodwala MS unakwera ka 32. Tizirombo tina toyenda m'malovu momwemo, monga cytomegalovirus, sitinachite zimenezi. Ndiponso zizindikiro za m'magazi zosonyeza kuti mitsempha yayamba kuwonongeka zinkaoneka munthu atatenga kale kachiromboka, osati asanakatenge.

Chaka chomwecho asayansi a ku Stanford anaonetsa njira imodzi imene zimenezi zimachitikira. Kachiromboka kali ndi puloteni yotchedwa EBNA1, ndipo kachigawo kake kamafanana ndi puloteni ina ya muubongo wa munthu yotchedwa GlialCAM. Mwa odwala MS pafupifupi mmodzi mwa anayi kapena asanu aliwonse, zida zimene asilikali a B anasulira kachirombo zinkalasanso puloteni ya muubongoyo. Zili ngati achitetezo a m'mudzi auzidwa kuti wakuba wavala chipewa chofiira, ndiye n'kukamenya mwini nyumba amene wavala chofanana nacho. Tinazionapo zoterezi m'makwalala mwathu, ndipo tikudziwa kuti womenyedwa molakwika sabwezeredwa mano.

Komabe musathamange ndi mantha. Kachiromboka pakokha sikakwanira, n'chifukwa chake tonse tili nako koma odwala MS ndi ochepa. Pamafunika zinanso, monga chibadwa cha kumtundu, kusuta fodya, kunenepa kwambiri paunyamata, kuchepa kwa vitamini D amene timapeza ku dzuwa, ndiponso msinkhu umene munthu anakatengera. Amene anadwala matenda a pakhosi aja paunyamata mpata wawo wa MS umawirikiza kawiri. Kuno kwathu MS imamveka mwa apo ndi apo, komanso tisaiwale kuti makina a MRI oonera mabala a muubongo ndi owerengeka, ndipo mtsikana amene mwendo wafa dzanzi popanda chifukwa timathamangira kunena kuti waponda mankhwala.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Pali mankhwala otchedwa rituximab amene amasesa asilikali a gulu la B. Anavomerezedwa mu 1997 kuti azichiza lymphoma, ndipo lero ali m'gulu la mankhwala ochizira khansa ya a Burkitt. Mu 2008 kafukufuku anaonetsa kuti mankhwala omwewa amachepetsa kwambiri mabala a MS, ndipo mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawaika pamndandanda wa mankhwala ofunikira a matendawa. Botolo limodzi, matenda awiri. Koma kumaiko olemera ana 9 mwa 10 odwala Burkitt lymphoma amachira, pamene kuno kwathu ochira amakhala theka kapena kucheperapo, chifukwa amafika mochedwa, ali onyentchera, ndipo mankhwala amphamvuwo ndi odula. Katemera wa kachiromboka sanavomerezedwe, ngakhale kuyesa kunayamba. Tsiku limene adzapezeke, ndikufuna ndidzaone ngati ana a m'mphepete mwa nyanja, amene abale awo anapereka tizidutswa ta matupi awo kuti kachiromboka kadziwike, adzakhale kutsogolo kwa mzere kapena kumbuyo monga mwa masiku onse.

Mwina mwaona kuti sindikufuna kuwasandutsa mngelo a Burkitt. Anali wantchito wa boma la atsamunda, ndipo matendawa anatenga dzina lawo pamene ana amene anadwalawo palibe amawakumbukira. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindingawalande. Analibe labotale, analibe ndalama, analibe ngakhale diso lachiwiri. Anali ndi kabuku, kamera, mapu ndi chizolowezi chofunsa wodwala aliyense kumene akuchokera. Zimenezi ngakhale kachipatala kakang'ono ka kumudzi kangakwanitse. Ndiye ndikamaona mafaelo a odwala ataunjikidwa pakona, chiswe chikudya, mtima umandipweteka, chifukwa a Burkitt anapeza matenda awo m'mafaelo akale otero. Inu akuluakulu a zaumoyo, kaundula wa odwala si zinyalala ayi.

Kwa inu makolo anzanga, pempho langa ndi lalifupi. Mwana akatupa tsaya, diso kapena mimba, ndipo chotupacho chikukula mooneka pa sabata imodzi, mano n'kumagwedera, musayambire kwa sing'anga, musadikire kuti mugulitse kaye fodya. Thamangani naye kuchipatala ndipo muumirire kuti amutumize kuchipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli madokotala a khansa ya ana. Matendawa amachizika akapezeka msanga. Neti ija munalandira gonekani ana, musakakokere usipa. Ndipo wachibale wachinyamata akayamba kufa dzanzi, kupunthwa poyenda kapena kuona ziwiriziwiri, musayambe mwasaka mfiti pakati pa agogo a pamudzi, pitani naye akamuyeze.

Amalume anga adakali moyo, ndipo khadi lija analisunga m'Baibulo mpaka lero. Ndikadzapita kunyanja mwezi wamawa ndikawauza kuti liwu lija si dzina la mankhwala, ndi dzina la munthu, ndipo ndikawafotokozera zonse ndakusimbiranizi. Chimene ndikuchita nacho mantha n'chakuti akandifunsa ngati mwana wawo akanachira tikanapita naye msanga. Yankho ndikulidziwa, koma sindinapeze mawu owauzira.